Jekete la Lavenda

"Kale lavenda ankasambira mafumu okha," anatero bambo pa chakudya chamadzulo, akuonetsa ana kabotolo ka mafuta a duwa lonunkhiralo. Mawa lake amakapempha kukwezedwa pantchito, ndipo amafuna abwana adziwe kuti kwabwera munthu.

"Kadontho kamodzi kokha, bambo a ana," anachenjeza mayi.

"Nkhope ngati yangayi kadontho kangaithandize chiyani?" anaseka bambo, nakhuthulira theka la botolo pajekete.

M'mawa analowa mu ofesi chifuwa chili patsogolo. Abwana anadzutsa mutu, nanunkhiza.

"Koma mayi wokolopa uja lero walimbikira! Sopo wakuchimbudzi akumveka mpaka muno. Tatsekani chitsekocho."

Bambo anatseka bwinobwino, iwo ndi jekete lawo ali mkati momwemo.