Mahatchi a Marlene pa Malo Otchajira

Panali munthu wina kwathu kuno ku Nevada, dzina lake Royce Tillery, woweta ng'ombe. Atagula pikapu yoyendera magetsi, munthu sankamupatsanso moni n'kudutsa, ankayamba wamva kaye za galimotoyo.

Mwezi wa Julaye, dzuwa likuswa mtengo, mkazi wake Marlene anamupempha kuti apite ndi hatchi yake, Juniper, kwa dokotala wa ziweto. Hatchiyo inali ndi kamwana ka miyezi iwiri kopindika mwendo, ndipo zinayenera kupitira limodzi. Marlene anailera yekha hatchiyo ndi botolo mayi wa hatchiyo atafa, koma tsikulo anali pa ntchito kuchipatala.

Mchimwene wake wa Marlene, Dell, anapeza Royce akumangirira ngolo yonyamulira mahatchi kumbuyo kwa pikapu ija.

"Alamu, tengani yanga ya dizilo. Ulendowu ndi mamailosi 180."

"Chiphakasa chanucho? Yanga ikulemba kuti batire iyenda mamailosi 300, onani nokha."

"Ikulemba choncho ilibe katundu. Ngolo yolemera imadya batire theka, ndiye kuli zitunda."

"Nsanje basi, alamu," Royce anaseka, n'kuliza galimoto.

Atangodutsa mamailosi 120, batire inali itatsala pang'ono kutheratu. Anakhotera pa malo otchajira m'katauni kena. Malowo anali opanikiza, ngolo sikanalowa. Anaimasula n'kuisiya kumapeto kwa bwalo, pa phula, popanda ndi mthunzi womwe. Anadziuza kuti ndi mphindi makumi awiri chabe.

Kutsogolo kwake kunali magalimoto atatu. Kuchoka pa mzere kunali kutaya malo, ndiye sanachoke. Ngolo ikamayenda mphepo imalowa, koma ikaima padzuwa imasanduka uvuni. Royce ankadziwa zimenezi, anakulira m'ziweto. Koma tsikulo mtima wonse unali pa batire.

Marlene anaimba foni.

"Mwafika pati? Juniper wamwa madzi?"

"Wamwa. Tili pa msewu, usadandaule."

Bodza. Anachita manyazi kunena kuti Dell ananena zoona.

Atalumikiza chingwe, analowa m'lesitilanti yozizira bwino, n'kuitanitsa hambaga ndi tiyi wa ayezi. Anadya maso ali pa foni, kuonerera batire ikudzaza. Panali patatha maola awiri chisiyireni ngolo ija.

Mayi wina woyendetsa lole analowa akuthamanga.

"Ngolo yoyera ija ndi ya ndani? Bambo inu, muli ndi mutu? Mkatimo mumamveka kugunda, koma pano mwangoti zii!"

Atatsegula chitseko, munatuluka mpweya wotentha wowotcha nkhope. Kamwana kanali katafa kale. Juniper anali atagwa, miyendo itang'ambika chifukwa chomenya zitsulo. Anthu anathamanga ndi zidebe za madzi, koma hatchiyo inatsirizika mutu uli pa miyendo ya mayi wachilendoyo.

Royce anabwerera nazo kunyumba. Marlene analowa m'ngolomo, n'kukhalamo nthawi yaitali. Potuluka sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nthawi imene munkandiuza kuti wamwa madzi ija, anali akadali moyo?"

Sabata yomweyo Marlene analongedza katundu wake, ndipo mpaka lero sanabwerere.

Phunziro: Galimoto ya magetsi ikamakoka katundu wolemera, musakhulupirire mtunda umene ikulemba, funsani odziwa, ndipo akakuuzani, imvani. Chamoyo musachisiye m'ngolo padzuwa ngakhale kamphindi. Ndipo zikakuvutani pa msewu, nenani zoona nthawi ikadalipo. Tumizirani aliyense amene mukudziwa kuti amakoka ngolo.