Nthochi za Amai Teresa

Makina osokela anali kulila, wailesi nayo ikulankhula, koma maso a Jennipher anali kutsidya kwa msewu.

Pa wailesipo ankafotokoza m'Chinyanja zimene aphungu anakangana dzulo lake ku Nyumba ya Malamulo. Phungu wina akuti matauni asanduka dzala, ogulitsa m'misewu achoke kolela isanabwele ndi mvula. Mnzake akuti achoke apite kuti, popeza m'misika yambili mulibe madzi ngakhale zimbudzi? Wachitatu ndiye anabaya penipeni: apolisi ena a khonsolo amasankha nkhope, uyu amulanda katundu, uyo amusekelela.

"Apo mwanena, bwana," Jennipher anaiyankha wailesiyo, n'kudula ulusi ndi mano.

Wapolisi wosankha nkhope iye ankamudziwa bwino. Ankamuchapila yunifomu, kumusitila ndi kumupukutila nsapato. Anali mwamuna wake, Aaron Daka, atate ake Kelly.

Khonde limene Jennipher ankasokelapo linayang'anizana ndi pokwelela mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata, pa Petauke pomwepo. Chilichonse chochitika pamenepo chinkamupeza ali pampando. Ndipo kunena zoona, Aaron pantchito analibe chibale. Msuweni wake wa Jennipher weniweni anamulanda lichelo la mtedza, anthu akuona, osaphethila n'komwe.

Koma panali mai mmodzi amene lamulo linkamulambalala. Amai Teresa, a ku Nyimba, a mabanja aja anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika konkuno. Ankatsika basi m'mawa ndi beseni la nthochi pamutu, n'kukhala pansi pa chikwangwani choletsa malonda, ngati pakhomo pawo. Anali aakulu kwa Jennipher, inde, koma zaka zinawaiwala amai amenewa. Khungu see, khosi lalitali, kuyenda kwake kosathamangila munthu. Ha, zinkamuwawa Jennipher!

Chomuwawa kwambili chinali Aaron. Munthu wa mawu ngati hutala ya basi, akangowaona amai Teresa mawu ankazima. Ankasiya njila yowongoka n'kuzungulila kuseli kwa mabasi, maso ali pansi. Nawo amaiwo ankatembenuzila nkhope kumbali, n'kukokela chitenge kumapewa. Anthu awili akuluakulu kumazembana chotelo masana dzuwa likuswa mtengo, akubisa chiyani? Jennipher sanali mwana. Manyazi amenewo ankawakumbuka: ndi omwe aja Aaron ankachita masiku amene ankamufunsila kwawo ku Sandwe, akulephela ngakhale kumeza madzi.

Anayesapo kufunsa. Yankho linali lalifupi: "Amake Kelly, za kuntchito zisiyeni kuntchito."

Basi nsanje inamanga msasa mumtima mwake. Inkamudzutsa, inkamupelekeza kukhonde, inkamusokeletsa manja a malaya chagada mpaka eni ake kudandaula. Banja limene analimanga ndi singano linali kutha iye akuonelela, ndipo wolitenga anali mai woti akanakhala azakhali ake.

Wailesi isanamalize n'komwe nkhani za aphungu, lole ya khonsolo inaima pamsewu, fumbi koboo. Mawu a ku Lusaka anali atafika pa Petauke. Apolisi analumpha, Aaron patsogolo. Kunali chipwilikiti. Tomato anamwazika, mazila ophika anagubuduka mpaka pansi pa basi, mai wina anagwada akulila kuti amusiyile ndowa yokha. Aaron sanamve. Ankanyamula n'kuponya m'lole, kunyamula n'kuponya.

Kenaka anafika pa beseni la nthochi.

Anaima chapatali. Anavula chipewa. Munthu wa boma, yunifomu ili m'thupi, ananjuta pafumbi, nkhope atalozetsa kumbali, n'kunena kanthu motsitsa mawu. Amai Teresa, nawo osamuyang'ana, anaomba m'manja pang'onopang'ono, anasenza beseni lawo n'kupita kukaima pamthunzi kuseli kwa sitolo. Nthochi ngakhale imodzi sinagwe. Aaron anavala chipewa, anakwela lole, lole n'kunyamuka kupita kumsika.

Pamaso pa tauni yonse! Jennipher anadzambatuka pampando. Anakankha makina, anaoloka msewu tepi yoyezela ili m'khosi, osaona ngakhale njinga imene inatsala pang'ono kumuomba. Amai olandidwa katundu aja anasiya kulila n'kumutsatila, poti mkangano suitanila.

Anafuna kunena kuti mwamuna wanga, koma anachita manyazi poti anthu anali atachuluka.

"Amai inu," anatelo, "wapolisi uja munamudyetsa chiyani? Anzanu onse alandidwa, inu nokha nthochi zili phee pamutu. Mukuganiza kuti sitiona mmene mumazembelana? Msinkhu wanu uwu, chibwenzi ndi mwana wamng'ono, manyazi mulibe?"

Amai Teresa anatula beseni pansi. Anagwila pakamwa ndi manja onse awili.

"Mayo ine! Chibwenzi? Ine ndi a Daka? Amai, samalani pakamwa, mudzandiphetsa ndi zonyansa. Simuona kuti sitiyang'anana n'kumaso komwe? Kwanu mkamwini amawayang'ana m'maso apongozi ake?"

Anawelama, anathyola nthochi ziwili zakupsa bwino n'kumupatsila Jennipher mwaulemu, mkwiyo utawathela kale.

"A Daka anakwatila mwana wanga Tiyamike chaka chatha, khanda lili kumsana. Nanga inu mwawakwiyila chonchi, ndinu alongo awo?"