Timisomali Tosungunuka

"Ndiye mukuti chithunzichi chikunama?"

"Sichikunama, mayi. Fupa lanu linalumikizana bwinobwino."

"Sindinafunse za fupa ine. Timisomali tanga tili kuti?"

Dokotala wachinyamatayo anapumira m'mwamba. Anali mlendo m'chipinda chimenechi, atangobwera kumene kuchokera kusukulu, ndipo panja mzere wa odwala unali utafika kale kukhonde. Mayiyo anakhala pa mpando ndi mkwiyo wake, mwendo wamanzere atausanjika pa kabenchi, chipsera cha pa kakolo chili poyera. Polowa anachita kutembenuza mpando kuti afulatire chithunzi cha malemu dokotala wa mafupa chimene chinali pakhoma. Pa tebulo anaikapo kabotolo kopanda kanthu, kotsukidwa mpaka kung'anima.

Mnyamatayo analoza ekisireyi ndi cholembera.

"Mutathyoka muja sanakuikeni zitsulo ayi. Anakuikani timisomali tosungunuka. Timagwira fupa mpaka lilimbe, kenako thupi limatimwa pang'onopang'ono. Pamene panali msomali pamamera fupa lanu lomwe."

"Kusungunuka ngati shuga mu tiyi? Mwandiona ngati wa dzulodzulo eti?"

"Ndi mmene anatipangira, mayi."

"Wabodza uja anati ndidzayenda nato moyo wanga wonse. Anandiuza ali pa mpando mwakhalapowo, akuseka ndi mano ake a mpata aja. Munthu woipa mtima. Kulonjeza amatha, koma kukhalitsa ayi."

Magazi anathamangira kumutu kwa dokotala. Malemuyo ndiye anali mphunzitsi wake. Maliro ake anangowamva ali kutali, mayeso atamupanikiza, ndipo mpaka pano zimenezi zinkamudya mumtima. Anayang'ana kabotolo kaja. Anzake anali atamuchenjeza kale za odwala a mtundu uwu: amadikira dokotala atsikire kuli chete, kenako amabwera kudzatola umboni woti akaonetse kukhoti.

"Munthu mukumutukwanayo ndi amene anandiphunzitsa kugwira mpeni," anatero. "Anakupulumutsani ku opaleshoni yachiwiri yochotsa zitsulo. Anzanu kunjaku amadandaula mwendo kukangozizira, inu mwalowa muno chothamanga, wosatsimphina n'komwe. Dothi la pamanda pake silinaume, inu mwayamba kale kumufukula."

"Musandiuze za dothi la pamanda pake, achimwene."

Mayiyo ankazunguliza chala chachikulu pa chala china chimene chinali ndi kamzere kotuwa. Maso ake anali ouma gwa, ofiira ngati a munthu amene wakhala pa utsi.

"Ng'ambani muone. Mwina katsalako kamodzi."

"Sindingang'ambe mwendo wabwinobwino."

"Mwendowu ndi wanga."

"Mpeniwo ndi wanga."

Nesi anasuzumira pakhomo, anaona nkhope ziwirizo, n'kutsekanso mwakachetechete. Panja wina anadandaula kuti amene ali m'katimo wabwera ndi mphasa. Dokotala anachotsa ekisireyi pa galasi lowala n'kuiponya pa tebulo. Inagunda kabotolo kaja, kanayamba kugubuduka, ndipo mayiyo anakawakha ndi manja onse awiri ngati dzira.

"Ngati ndi khoti, pitani," anatero mnyamatayo. "Ine ndikaima kumeneko ndikanene kuti ntchito iyi ndi yoyera, sindinaonepo ina yoposa apa. Koma musanditayire nthawi, odwala enieni akudikira. Nenani, mukufuna chiyani kwenikweni?"

Mayiyo anatsitsa mwendo pa kabenchi, anapondetsa pansi mwamphamvu ngati akufuna kuti umupweteke, koma sunapweteke. Kenako anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana chithunzi cha pakhoma. Malemuyo ankamwetulira, mpata wa mano uli poyera.

"Abale ake anatenga zonse," anatero motsitsa mawu. "Mabuku, mipando, malaya ake, ngakhale mphete anachita kundivula okha. Ndimati za m'mwendo muno sangazifikire."

Anakankhira kabotolo kaja kwa dokotala.

"Ndimangofuna mundichotsere kamodzi kokha, achimwene, ndikhaleko ndi kanthu ka mwamuna wanga kogwira m'manja."