Dzimbiri la M'chiuno

Mtima wa Mirwais unali m'mwamba pamene Sadiq ankatsegula uvuni. Mfuti yam'manja imene anamusiyira malemu mkulu wake inali m'menemo, itamasulidwa, zitsulo zikulendewera pa mawaya. Ankaopa kuti ituluka ngati ya munthu wina.

Sadiq, mmisiri wa mfuti wa mumzinda wa Peshawar, anadikira kuti zitsulozo zizizire, n'kuzilumikiza. Utoto woteteza dzimbiri unali utagwira bwino, wotuwa ngati phulusa.

Mirwais analandira mfutiyo ndi manja awiri. Chala chake chinapeza kachipsera ka pachigwiriro, kamene mkulu wake ankakonda kukasisita akamaganiza. Kanali pomwepo. Mirwais anapumira m'mwamba.

"Achimwene, mfuti ndakonza zambiri," anatero Sadiq, "koma yodyedwa ndi mimba ya mwiniwake ndaiona lero. Kunjaku thukuta lanu linaimaliza, pomwe m'kati mwa mpope muli ngati mwa kusitolo. Munaiwombapo koma?"

"Ndinkafuna kuwombera m'mwamba posangalala pa ukwati wa mwana wanga. Mayi ake anandiyang'ana, ndinangoibweza."

"Zaka makumi awiri mukugulitsa golide mumsikamu, osalozapo nayo munthu?"

"Ngakhale kamodzi."

Mirwais anaiona kuti ilibe chipolopolo, n'kuilowetsa m'chiuno, pansi pa malaya ake aatali. Inakhala pamalo pake penipeni.

"Utotowu upirira zaka khumi," anatero Sadiq akuthira tiyi wobiriwira m'timakapu. "Zikatha mubwerenso."

"Ndibwera," anayankha Mirwais, akukhala pamkeka. "Mulungu akalola, mudzandinyoze ndi mawu omwewa."