Kalata za Abusa ndi Jekete la Malemu

Abusa Medson Kalinde anaima pakhomo la tchalitchi chawo ku Chinsapo, akugawa makalata opempha thandizo. Akhristu ankalandira, kupinda, n'kuponya m'thumba osawerenga. Linali Lamulungu lachisanu akuchita zomwezi, ndipo mapazi anali atatupa m'nsapato.

Sukulu ina ya ku Scotland inali itawapatsa malo oti akaphunzire zaumulungu mpaka udokotala. Koma ndalama za ndege ndi nyumba, zawo, za akazi awo ndi ana atatu, anayenera kudzionera okha.

Omaliza kutuluka anali Mayi Nangondo, amasiye ogulitsa makala. Kalatayo anaikana. "Sinditha kuwerenga ine." Anamasula kamtolo ka chitenje n'kutulutsa jekete lakuda, lonunkha musutikesi.

"Akuti kumeneko n'kozizira. Linali la malemu amuna anga. Munawaika ndinu."

"Amayi, ulendowo sunatsimikizike. Thandizo silikuoneka."

"Lioneka. Mukatha zaka zingati?"

"Zinayi."

Mayi Nangondo anawerenga pa zala zawo zothimbirira ndi makala, kenaka anapukusa mutu. "Ndiye kuti ine adzandiika ena. Chabwino. Koma muwasiyire nyimbo yanga, angadzandiimbire yolakwika."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, dzanja lili pabondo. Abusa anafuna kuwauza kuti adzawapeza ali moyo, koma pakamwa panali patatopa ndi malonjezo. Anangokumbatira jeketelo n'kufunsa: "Nyimbo yake iti, Amayi?"

Mayiwo sanacheuke. Anangoyamba kuiimba, akulowera njira ya kumsika.