Madzi a M'paipi ya Mpwitikizi

Chande, telala wa pa Mkanda, anatchera debe kukamwa kwa paipi natulutsa wotchi m'thumba. Madzi ankangodontha. Kumbuyo kwake kunali mzere wa amayi, mitsuko ili gwa, chifukwa Mpwitikizi wa esiteti ya fodya anali atatchinga kasupe wawo ndi waya, n'kuwasiyira paipi yokhayi.

"Pepala la pangano la madzi tinadinda zala ku boma la Fort Manning lija likuti malita makumi awiri pa mphindi," anatero Chande. "Limenelo ndi debe limodzi. Pa ola, madebe makumi asanu ndi limodzi."

Kapitawo wa esiteti anayasamula. "Bwana akuti makumi awiri ndi makumi awiri basi. Kaya mphindi kaya ola, zimenezo n'zanu."

Mtima wa Chande unawira. Dzulo lake mkazi wake anakatunga pachithaphwi chomwera ng'ombe, ndipo mwana wawo anali akutsegula m'mimba.

"Ndiye khalani pompano, a Kapitawo, tidikirire limodzi mpaka debeli lidzadze."

Kapitawo anaseka natembenuka kuti azipita, koma anapeza amayi aja atakhala pansi kutseka kanjira konse, miyendo atatambasula. Dzuwa linali litangoyamba kuwotcha.