Afuna Nkhwangwa Pamaliro

"Alamu, tatulukani, kwabwera anthu aboma," anatero mng'ono wa malemu atasuzumira pakhomo.

Mayiyo anapukuta misozi n'kudzuka pambali pa bokosi. Mwamuna wake anali atapondedwa ndi njovu dzulo lake, akuithamangitsa m'munda. Bamboyo anatha nsapato kupita kuofesi yoona za nyama zakutchire kukadandaula kuti waya wotchinga nkhalango waduka, koma ankangomuuza kuti, "Tamva, tibwera."

Tsikuli akuofesiwo anabweradi, zipewa zili m'manja. Mtima wa mayiyo unakhalako pansi. Kani imfayi yawakhudza! Anawapatsa mipando yabwino.

"Pepani mayi ndi zovutazi," anayamba wamkulu wawo, maso ali pansi. "Kodi bambowa popita kumunda ananyamula chiyani?"

"Nkhwangwa basi, ndi chitini choti azimenya."

"Nkhwangwayo tiitenga."

"Mukatani nayo? Nanga ine nkhuni zophikira anawa ndiziwaza ndi chiyani?"

Mkuluyo anati, "Njovu ija yapezeka ndi bala pachitamba. Lamulo likuti tipeze amene waivulaza."

Mayiyo anayankha motsitsa mawu.

"Sanathawe, bwana. Ali m'nyumbamu. Lowani mukawafunse."